Ndagi za Zithunzi Zoimitsa Makina Mutu

M'chaka cha 1967, katswiri wina wa sayansi wa mumzinda wa Moscow, dzina lake Mikhail Bongard, adasindikiza buku lofotokoza mmene makina angaphunzirire kuzindikira zinthu. Kumapeto kwa bukulo adaikako ndagi 100. Sizidali ndagi za pakamwa zonga zija ana amaponyerana madzulo ayi, koma za zithunzi. Ndagi iliyonse idali ndi timabokosi 12, kumanzere 6 ndi kumanja 6, ndipo m'timabokosimo mudali mizere, madontho, zozungulira ndiponso zinthu za ngodya zitatu kapena zinayi. Funso lidali limodzi lokha: kodi timabokosi ta kumanzere tikusiyana bwanji ndi ta kumanja?

Ndagi zoyambirira n'zapafupi. M'ndagi yoyamba, timabokosi ta kumanzere n'topanda kanthu pamene ta kumanja tili ndi kanthu. M'yachiwiri, kumanzere kuli zinthu zikuluzikulu, kumanja zing'onozing'ono. Ngakhale mwana amene sadayambe sukulu angathe kuloza kusiyanako. Koma munthu akamanka m'tsogolo, madzi amanka nazama. Pena ayenera kuwerenga mizere, pena kuona chimene chili m'kati mwa chinzake, penanso kuzindikira kuti tinthu tambirimbiri tandandalikana mopanga chithunzi chimodzi chachikulu. Chovuta koposa n'chakuti chimene chidali yankho m'ndagi imodzi chimasanduka msampha m'ndagi ina. Ukulu wa chinthu ungakhale nkhani yonse pano, apo n'kukhala wopanda ntchito. Palibe amene amauza womasulirayo choti ayang'ane. Ayenera kuchipeza yekha.

Bongard adamwalira mu 1971 ali pa ulendo wokwera mapiri a Pamir. Ndagi zake zidatchuka m'maiko ena pamene Douglas Hofstadter wa ku America adazifotokoza m'buku lake la mu 1979, lotchedwa Gödel, Escher, Bach. Iyeyu adaona kuti luso lomasulira ndagi zotere lili pafupi kwambiri ndi phata la nzeru za munthu.

Tsono wina angafunse kuti, nanga makina ogonjetsa akatswiri a masewero ovuta angalephere bwanji tizithunzi ta ana? Pajatu mu 1997 kompyuta yotchedwa Deep Blue idagonjetsa Garry Kasparov, ngwazi ya dziko lonse pa masewero a chesi, ndipo mu 2016 pulogalamu yotchedwa AlphaGo idapambana Lee Sedol wa ku South Korea kanayi pa masewero asanu a Go. Yankho lake ndi ili: m'masewero amenewa malamulo ndi odziwika kale ndipo sasintha. Ntchito ya makina ndiyo kufunafuna njira yabwino m'kati mwa malamulowo. Koma m'ndagi za Bongard, lamulo lenilenilo ndilo labisika.

Akatswiri adayesa njira ziwiri. Yoyamba idali yoti munthu alembere kompyuta zonse zimene iyenera kuyang'ana: utali wa mizere, kuchuluka kwa ngodya, chili m'kati ndi chili kunja. Harry Foundalis wa pa yunivesite ya Indiana, wophunzira wa Hofstadter, adamaliza mu 2006 pulogalamu yotchedwa Phaeaco imene inkayang'ana zithunzi za Bongard ndi kufufuza lamulo lake. Idamasulira zina, koma zambiri zidaikanika. Vuto la njira imeneyi n'lakuti makina amaona zokhazo zimene mwini wake adawakonzera kuti aone.

Njira yachiwiri ndiyo kuphunzitsa makina ndi zitsanzo. Kompyuta imaonetsedwa chithunzi, iyo n'kulota dzina lake. Ikalakwa, manambala a m'kati mwake amasinthidwa pang'ono, ndipo izi zimabwerezedwa kambirimbiri kufikira zolakwa zitachepa. Mu 2012, gulu la pa yunivesite ya Toronto ku Canada lidadabwitsa dziko ndi njirayi, litaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi zoposa 1,000,000 za nyama, zipangizo ndi zinthu zina. Komatu apa mpamene pali nkhani. Makinawo adafunika zithunzi mazanamazana za chinthu chimodzi kuti achizindikire, pamene Bongard amapereka timabokosi 12 tokha, basi.

Mu 2019, François Chollet, katswiri wa ku France amene pa nthawiyo ankagwira ntchito ku kampani ya Google, adaukitsanso funsoli. Mfundo yake idali yakuti nzeru zisayesedwe ndi kuchuluka kwa zimene munthu kapena makina akutha kuchita, popeza luso lingagulidwe ndi kubwerezabwereza. M'malo mwake ziyesedwe ndi changu chimene wina amaphunzirira chinthu chachilendo kuchokera ku zitsanzo zochepa. Motero adakonza mayeso otchedwa ARC.

Ndagi za ARC zimajambulidwa pa timabokosi tokhala ngati ta m'kope la masamu, tosapitirira 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, ndipo mitundu yake ndi 10. Woyankha amaonetsedwa zitsanzo zochepa, kawirikawiri zitatu kapena zinayi, chilichonse chili ndi chithunzi choyamba ndi chimene chasandulika. Kenaka amapatsidwa chithunzi chatsopano kuti ajambule yekha yankho lake. M'ndagi ina, malo onse ozunguliridwa ndi mzere wobiriwira amapakidwa chikasu, pamene malo amene mpanda wake uli ndi mpata amasiyidwa. Munthu amaona zimenezi m'kanthawi kochepa chifukwa adadziwa za mpanda ndi khomo asadaphunzire kulemba. Chollet adaonetsetsa kuti ndagizo zisafune chilankhulo kapena maphunziro a kusukulu, koma nzeru zokhazo zimene mwana wamng'ono ali nazo kale: kuti chinthu chimakhala chathunthu, kuti zinthu zimawerengeka, ndi kuti mbali ziwiri zingathe kufanana. Ndagi 800 zidaikidwa poyera, koma zina zidabisidwa kuti makina asaziloweze.

Pa mpikisano wa mu 2020, wopambana adamasulira pafupifupi ndagi 20 zokha pa 100. Pulogalamu yake inkalumikiza timasitepe tating'ono, monga kutembenuza, kudula ndi kupaka, ndi kuyesa misakanizo yochuluka zedi kufikira itapeza umodzi wogwirizana ndi zitsanzo zonse. Mu 2024, Chollet ndi Mike Knoop adakhazikitsa mphotho ya ndalama zoposa madola 1,000,000 pofuna kukopa akatswiri, ndipo magulu otsogola adapitirira 50 pa 100. Mu Disembala chaka chomwecho, pulogalamu ya kampani ya OpenAI yotchedwa o3 idapeza 75.7 pa 100, ndipo itapatsidwa mphamvu zochuluka kwambiri idafika pa 87.5. Pulogalamuyi sinkathamangira kuyankha. Inkalemba maganizo ake sitepe ndi sitepe ndi kuyesa njira zambiri isadasankhe imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo makina nawo adapindula atadekha.

Komabe chipambanocho chidali ndi mafunso ake. Ndalama zoyendetsera makinawo pa ndagi imodzi zidali zambiri, ndipo adali ataphunzitsidwa kale ndi ndagi zambiri za poyera. Padalinso ndagi zina zapafupi kwa munthu zimene adazilephera. Mu Malichi 2025 kudatuluka mayeso achiwiri, ARC-AGI-2, amene ndagi yake iliyonse idali itamasuliridwa ndi anthu osachepera awiri. Pa nthawi imeneyo makina otchuka adalephera kufika ngakhale pa 10 pa 100. Pambuyo pake adayambanso kukwera, monga momwe adachitira ndi mayeso oyamba.

Nkhani yonseyi si yachilendo kwa mphunzitsi. Iye amamudziwa mwana amene amalakatula kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56, koma amangoti kakasi akafunsidwa kuti malalanje 56 agawidwe bwanji kwa ana 8. Amadziwanso kuti funso likafanana kwambiri ndi la m'mapepala a mayeso akale, malikesi sathanso kusiyanitsa woloweza ndi womvetsa. Vuto limene akatswiri a makompyuta akulimbana nalo ndi lomwelo. Ndipo kwa iwo si nkhani ya malikesi chabe, chifukwa makina amene ayendetsa galimoto kapena kuwerenga zithunzi za kuchipatala adzakumana ndithu ndi chinthu chimene sichidali m'zitsanzo zawo.

Kwa wachinyamata amene wangotsiriza sukulu, phunziro lake n'lomveka. Pa kuloweza, makina adamusiya kale m'mbali. Chimene akatswiri akhala akuchifunafuna kuyambira masiku a Bongard ndi luso lija la kuyang'ana zitsanzo zitatu, kupeza lamulo lake, ndi kuligwiritsa ntchito pa chinthu chachinayi chimene sadachionepo. Mphunzitsi amene amajambula timabokosi pa bolodi ndi kufunsa ana kuti afotokoze chifukwa cha yankho lawo akunola luso lomwelo, ndipo amangofunika choko chokha.