Kodi Wapolisi wa m'Buku Akhale Wotani?

Mabuku a ku Britain osimba za apolisi ofufuza milandu yakupha ali ndi awerengi ambiri, koma awerengiwo sagwirizana pa za wapolisi woyenera kutamandidwa.

Ena amakonda Inspector Morse wa ku Oxford, amene Colin Dexter anamulemba m'mabuku 13 kucokera mu 1975 kufikira mu 1999. Iwo amati cokoma ndico kupikisana naye nzeru: mlembi amamwaza zizindikiro, ndipo wowerenga amayesa kutulukira wakupha asanafike pa tsamba lomaliza.

Ena amati imfa ya munthu si masewera. Awa amasankha John Rebus wa ku Edinburgh, amene Ian Rankin anayamba kumulemba mu 1987, cifukwa nkhani zake zimaonetsa poyera umphawi ndi ziphuphu zimene zimabala upandu.

Komatu apolisi awiriwa amamwa mowa kwambiri, ndipo sacedwa kukangana ndi akulu awo pa nchito. Odandaula amafunsa kuti, kodi munthu wosadziletsa angasunge bwanji lamulo? Owakonda amayankha kuti wophedwa alibe pakamwa, motero afunika munthu wouma mutu amene sangaleke kufunsa kufikira coonadi cioneke.