Agogo akaiwala njira ya kwawo: kodi n'zotengera kumtundu?

Nditangomaliza phunziro la magetsi kuno kwa Kaduya, mtsikana wina wa Fomu 3 ananditsatira panja. Anati agogo ake anapezeka mbandakucha akuzungulira nyumba ya eni, osadziwa komwe ali, ndipo kumudzi anthu ayamba kunong'onezana kuti agwa pa ndege ya ufiti. Kenako anafunsa: "Aphunzitsi, nanenso ndidzatengera?"

Tiyambire mu ubongo. Muli maselo pafupifupi 86 biliyoni omwe amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timphamvu ta magetsi ndi makemikolo. Mukukumbukira seketi ija tinalumikiza? Waya mmodzi akaduka, babu limazima ngakhale batire ili yabwinobwino. Maselo a ubongo akamafa, mayina, nkhope ndi njira zimazimanso choncho. Madokotala amati dementia, ndipo mtundu wofala kwambiri ndi matenda a Alzheimer.

Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer. Mu 1906 iye anaunika ubongo wa mayi wina woiwalaiwala atamwalira, ndipo anapeza timibulu pakati pa maselo ndi tiulusi topiringizana mkati mwake. Lero tikudziwa kuti ndi mapuloteni awiri, amyloid ndi tau, omwe amaunjikana n'kumawononga maselo.

Apa m'pamene pamabwera majini. Sindikunena majini a mizimu ayi, koma tizigawo ta DNA tomwe timalandira kwa makolo. M'zaka za m'ma 1990, asayansi anapeza majini atatu, APP, PSEN1 ndi PSEN2, omwe akakhala ndi cholakwika amayambitsa matendawa munthu asanakalambe. Ku Antioquia, m'dziko la Colombia, Dr Francisco Lopera anatsatira banja lalikulu la anthu masauzande, momwe olandira cholakwika cha PSEN1 amayamba kuiwala ali ndi zaka za m'ma 40. Koma mabanja otere ndi osowa: pa odwala 100 a Alzheimer, wotengera chonchi saposa mmodzi.

Jini yomwe imakhudza anthu ambiri ndi APOE, ndipo mtundu wake wotchedwa APOE4 unapezeka mu 1993 kuti umakweza chiopsezo. Kukweza chiopsezotu si kugamula mlandu. Alipo ambiri okhala nayo omwe amafika zaka 90 mutu uli bwino. Kafukufuku woyerekeza Ayoruba a ku Ibadan, Nigeria, ndi anthu akuda a ku Indianapolis, America, anapeza kuti ku Ibadan matendawa anali ochepa, ndipo APOE4 inalibe mphamvu zambiri ngati ku America. Jini ndi imodzimodzi, koma zotsatira n'zosiyana. N'chifukwa chake pakufunika kafukufuku wochuluka pa Aafirika enife.

Ndiye mtsikana uja ndinamuyankha kuti agogo akayamba kuiwala ali okalamba kale, sizitanthauza kuti mdzukulu adzadwalanso. Chiopsezo chachikulu ndi ukalamba weniweniwo. Zina tingathe kuzichepetsa: BP yosasamalidwa, shuga, fodya, kachasu, kuvulala m'mutu ndi kusamva kosathandizidwa. Ngakhale kukhala pasukulu zaka zambiri kumathandiza kuteteza ubongo.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi manong'onong'o aja. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana, anthu n'kumati ndi ufiti. Pomwe mphenzi ndi magetsi a m'mitambo, omwe timaphunzira m'kalasi. Tsono taganizani za agogo osokonezeka, opezeka usiku pakhomo pa eni, osatha kudziyankhira. Kumbukirani kuti lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Mankhwala ochiziratu Alzheimer sanapezeke, komabe apititseni agogo kuchipatala, chifukwa kusokonezeka kwina kumabwera ndi matenda ochizika. Kunyumba muziwalankhula modekha, muziwaperekeza akamatuluka, ndipo muwafotokozere amfumu ndi oyandikana nawo kuti agogo akudwala. Akakuitanani dzina la munthu wina, ingoyankhani. Iwo aiwala dzina lanu, koma inu lawo mukulidziwa.