Nkhope Isasowe pa Cithunzi

Alendo ocokera kumidzi akafika mu Lusaka amakonda kujambulitsa pa Freedom Statue, cifanizo ca munthu wodula unyolo cimene cinaimikidwa mu 1974. Koma dzuwa likakhala paliombo, thambo limatuluka loyera mbee, nkhope iri bii, kotero kuti makolo kumudzi sazindikira mwana wao.

Kamera siitha kuona kuwala ndi mthunzi pamodzi monga licitira diso. Mankhwala ace ndi njira yochedwa HDR, imene iri m'mafoni ambiri. Foni ijambula zithunzi zingapo mofulumira, cina cakuda, cina cowala, niziphatikiza kukhala cimodzi.

Njirayi ithandizanso pojambula amisiri osema a ku Kabwata, okhala mumthunzi wa madenga audzu. Cacikulu ndi ici: dzanja lisagwedezeke, wojambulidwanso aime njii.