Wodwala Wosauka ndi Malipiro a ku Cipatala

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, Boma la Dr Kenneth Kaunda linalamula kuti anthu azilandira cithandizo kwaulere m'zipatala za Boma. Koma pamene mtengo wa mkuwa unagwa m'zaka za m'ma 1970, cuma cinacepa ndipo mankhwala anayamba kusowa.

Boma la MMD, limene linalowa mu 1991, linasintha kayendetsedwe ka za umoyo. Mu 1993 odwala anayamba kulipira, ndipo lamulo la 1995 linakhazikitsa bungwe la Central Board of Health. Ana osafika zaka 5, okalamba a zaka 65 ndi kuposapo, amai apakati ndi odwala cifuwa ca TB sanali kulipira.

Nanga mai wamasiye wa zaka 40 wopanda ngakhale ngwee imodzi? Mai wotere anayenera kuonekera kwa anchito othandiza ovutika, amene ambiri amawacha a Social Welfare, kuti acitire umboni za umphawi wace. Koma maofesi ao anali pa boma, kutali ndi midzi, ndipo ndalama zimene anali kulandira zinali zocepa. Motero osauka ambiri anangogona kunyumba ndi matenda ao.

Mu April 2006 Boma la Pulezidenti Levy Mwanawasa linacotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi, ndipo caka comweco bungwe lija linathetsedwa. Mu 2012 malipirowo anacotsedwanso m'zipatala zazing'ono za m'matauni.

Lamulo la 2018 linabweretsa inshuwalansi ya umoyo yoyendetsedwa ndi bungwe la NHIMA. Wanchito amapereka ngwee imodzi pa Kwacha iriyonse ya malipiro ace, ndipo womlemba nchito amaonjezapo ina. Amene Unduna woona za ovutika wawapeza kuti ndi osauka sayenera kupereka.

Apa mpamene pali udindo waukuru wa a Social Welfare, pamodzi ndi makomiti a m'midzi amene amadziwa khomo liri lonse. Dotolo amadziwa matenda, koma iwowa ndiwo amadziwa ngati wodwala ali ndi cakudya ndi ndalama ya basi yobwererera ku cipatala. Wosauka amene dzina lace silinalembedwe m'buku lao, lamulo lingakome cotani, sapindula nalo.