Kukokoloka kwa michere ya manyowa pa msipu

Kukokoloka kwa michere ya manyowa ndi vuto lomwe limachitika madzi a mvula akatenga nayitirojeni ndi fosifolasi wa m'ndowe za ziweto zomwe zamwazidwa pa msipu, n'kukamutaya m'mitsinje, m'nyanja kapena m'madzi a pansi pa nthaka. Vutoli ndi lalikulu kumadera kumene ng'ombe ndi nkhumba zambiri zimawetedwa pamalo ochepa, monga ku Ireland, ku Netherlands ndi ku Brittany m'dziko la France.

Momwe zimachitikira

M'munda wolimidwa, manyowa amakwiriridwa ndi dothi. Msipu sulimidwa chaka ndi chaka, choncho ndowe zamadzimadzi zochokera m'makola nthawi zambiri zimangothiridwa pamwamba pa udzu. Mvula yamphamvu ikagwa patangopita masiku ochepa, fosifolasi amatengedwa ndi madzi othamanga. Nayitirojeni amasanduka nayitireti, yemwe amasungunuka msanga n'kulowa pansi mpaka kukafika m'madzi a m'zitsime. Zinthu zimaipiraipira malo akakhala otsetsereka, nthaka ikakhuta madzi kapena ikaundana ndi chisanu, komanso m'nyengo yozizira pamene udzu sukukula ndipo sungayamwe michereyo.

Zotsatira zake

Michere yomwe imameretsa udzu ndi yomweyonso imachulukitsa ndere m'madzi. Ndere zikafa, tizilombo toziwoletsa timamaliza mpweya wa okosijeni, ndipo nsomba zimafa. Ku Brittany ndere zobiriwira zimaunjikana m'mphepete mwa nyanja n'kumatulutsa mpweya wapoizoni zikamawola. Mu 2009 hatchi inafa ndi mpweya umenewu pagombe la Saint-Michel-en-Grève, ndipo munthu amene anaikwera anakomoka. Nayitireti wochuluka m'madzi akumwa ndi woopsa kwa makanda chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni. Mlimi nayenso amaluza, popeza michere yomwe yapita ndi madzi amayenera kuibwezeretsa pogula feteleza.

Malamulo ndi njira zopewera

Mu 1991 maiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya anakhazikitsa lamulo lotchedwa Nitrates Directive. Lamuloli limati kumadera kumene madzi ali pachiopsezo, nayitirojeni wochokera ku manyowa asapitirire makilogalamu 170 pa hekitala pa chaka. Madzi okhala ndi nayitireti woposa mamiligalamu 50 pa lita amatengedwa kuti ndi oipitsidwa. Ku Ireland n'koletsedwa kumwaza ndowe zamadzimadzi kuyambira mu Okutobala mpaka mu Januwale, kotero alimi amazisunga m'matanki. Ku England, malamulo a 2018 amaletsa kuthira manyowa pamtunda wosakwana mamita 10 kuchokera kumtsinje, kapena mamita 50 kuchokera pachitsime, pakasupe kapena pamjigo.

Njira zina ndi kuyeza dothi musanathiridwe manyowa, kusiya udzu wosathiridwa kanthu m'mbali mwa mitsinje, ndi kugwiritsa ntchito makina olowetsa ndowe m'nthaka, omwe ndi ofala ku Netherlands. Komabe ziweto zikachuluka kuposa malo, manyowa amatsala ambiri kuposa omwe udzu ungathe kuyamwa, ngakhale athiridwe mosamala chotani.