Matenda Obisika a Robin Williams

Robin Williams, katswiri wa nthabwala wa ku America, anabadwira ku Chicago mu 1951 ndipo anatchuka mu 1978 ndi sewero la pa TV la Mork & Mindy. Kutchukako kunabwera ndi mowa ndi cocaine. Anasiya zonsezi mnzake John Belushi atamwalira ndi mankhwala ozunguza bongo mu 1982, ndipo anakhala zaka pafupifupi 20 osalawa. Mu 2003 anayambiranso kumwa ali ku Alaska, mpaka mu 2006 anapita kumalo othandiza omwerekera.

Analinso ndi matenda ovutika maganizo, omwe salabadira chuma kapena mphoto ya Oscar imene analandira mu 1998. Pa 11 Ogasiti 2014 anadzipha kunyumba kwake ku California ali ndi zaka 63. Madokotala atapima thupi anapeza matenda a ubongo otchedwa Lewy body dementia, omwe amabweretsa mantha, kuiwala ndi kusowa tulo. Ali moyo anamuuza kuti ndi Parkinson.

Kumidzi ngati Mlolo ku Chadiza, wodwala chotere kawirikawiri amangotchedwa chidakwa cha kachasu kapena wolodzedwa, pomwe ndi matenda ofunika chithandizo. Thandizo limayambira pa chipatala chapafupi, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha Chainama ku Lusaka.