Dzina la pathumba silinena zonse za chakudya cha galu

Makampani opanga chakudya cha agalu ndi amphaka, monga Mars ndi Nestlé Purina, masiku ano akulimbirana anthu amene amaona chiweto ngati mwana wa m'nyumba. Pathumba amalembapo kuti muli nyama yeniyeni, pena amati mulibe chimanga. Ine ndimaona kuti vuto lalikulu la bizinesi imeneyi lili kumene zosakaniza zimachokera. Mu 2007 kampani ya ku Canada ya Menu Foods inachotsa pamsika zitini ndi mapaketi oposa 60 miliyoni, amphaka ndi agalu atayamba kufa ndi matenda a impso. Ufa wa tirigu wochokera ku China umene unagwiritsidwa ntchito m'chakudyacho unali utathiridwa melamine, mankhwala opangira pulasitiki. Opima mapuloteni amayeza nayitrojeni, ndipo melamine ali nayo yambiri, choncho ufa wachabechabe unkaoneka wapamwamba. Chochititsa manyazi n'chakuti kampani imodziyo inkapangira mayina ambirimbiri, otchipa ndi odula omwe.

Ena anganene kuti imeneyo ndi nkhani yakale, poti dziko la America linakhwimitsa malamulo a zakudya mu 2011. N'zoona, koma mu Disembala 2020 kampani ya Midwestern Pet Foods inachotsa pamsika chakudya cha Sportmix chifukwa cha poizoni wa chuku wa m'chimanga, yemweyo amene amaononga mtedza wosauma bwino, ndipo agalu oposa 100 anafa. Oyendera mafakitale sangalowe m'nkhokwe iliyonse. Mukamagula, fufuzani amene anapanga chakudyacho, ndiponso ngati amapima chimanga chisanalowe m'makina.